Zimene Ndinalemba za Madamu a Pamwamba Pathu

Ndikukumbukira chaka chimene ndinakwanitsa zaka khumi ndi chimodzi. Chinali chaka chathu chachiwiri ku Woolwich, mumzinda wa London, ine ndi amayi, m'fulati ya zipinda ziwiri pansanja yachitatu ya nyumba yaitali yoyandikana ndi msika. Amayi anali namwino pachipatala china ku Lewisham. Ankanyamuka m'mamawa kukakwera basi, ndipo pobwera madzulo miyendo inkakhala itatupa, moti nsapato ankavulira pakhomo ali chiimire.

Ku Chilomoni kumene ndinabadwira, tikaweruka kusukulu tinkaponya zikwama pakhonde n'kuthamangira kumsewu kukasewera fulaye mpaka atatiitana. Kuno ndinali ndi kiyi wa pachingwe m'khosi ndi lamulo limodzi: ukalowa ukhome, usatsegulire aliyense. Koma ine sindinali mwana wotha kukhala pansi. Ndinkachoka pawindo kupita kufiriji, kufiriji kubwerera pawindo, kuyatsa wailesi ya kanema, kuzimitsa, kuwerenga mabasi ofiira odutsa mumsewu, kusokoneza, kuyambiranso.

Pamwamba pathu panalinso munthu wina wosakhazikika. Ndinkamva mapazi ake akupita, akubwera, akupitanso, kenako zii, kenako kulira kwa taipi, makina akale olembera aja, ngati mvula yoyamba pamalata. Posakhalitsa mapazi aja ankayambiranso. Tsiku lina, chifukwa chongosowa chochita, ndinatenga mtengo wa mopu n'kugogoda siling'i katatu. Mapazi anaima. Kenako kumwambako kunamvekanso kugogoda katatu. Madzulo ake, amayi atangofika, pakhomo pathu panabwera mayi wachizungu wokalamba, wamfupi, wa imvi zodulidwa ngati za mwamuna, zala zili inki yokhayokha.

"Ndabwera kudzaona amene amandiyankha," anatero m'Chingerezi chotulukira chapakhosi.

Dzina lawo linali Odile, ndipo kwawo kunali ku France. Amayi anati mwana satchula munthu wamkulu dzina, choncho tinkangoti Madamu. Awiriwo anacheza ataimirira, ndipo asanasiyane anali atagwirizana kuti ndikaweruka ndizikwera kumtunda kukadikira kumeneko mpaka amayi atabwera.

Nyumba ya Madamu inkanunkhira khofi ndi makoko a malalanje amene ankawayanika pachitsulo chotenthetsera m'nyumba. Mabuku anali paliponse, m'mashelefu, pansi, ngakhale pampando wa alendo. Chimene ndinawakondera n'chakuti sanandiuzepo kuti khala pansi. Iwonso sankakhala. Ankayenda ndi pepala m'manja, akuwerenga mokweza m'Chifalansa, kuima, kufufuta liwu limodzi, kuyendanso. Ine ndinkawatsatira pambuyo, ndikugwiragwira zinthu ndi kufunsa mafunso, ndipo mbiri ya moyo wawo ndinaitola chomwecho, chidutswachidutswa.

Anabadwira m'katauni kakang'ono kum'mwera kwa dziko lawo, bambo awo anali wosoka nsapato. Ali mtsikana anakwera sitima kupita ku Paris, kumene anapeza ntchito panyuzipepala ina yotsegula makalata a owerenga. Mtolankhani wa kukhoti atadwala, anawatuma iwo, ndipo sanabwererenso kumakalata kuja. Kwa zaka zambiri ankakhala pabenchi ya kukhoti kulemba milandu ya akuba ndi ya maukwati otha. Mabuku a nthano ankawalemba m'mamawa asanapite kuntchito. Limodzi linagulidwa kwambiri, enawo ayi ndithu. Analembanso masewero. Lina anthu analionera kwa miyezi, koma lina, anandiuza akuseka, oonera anayamba kutuluka lili pakati, mpaka anatsala ndi mchemwali wawo ndi munthu wina amene anagona tulo. Pambuyo pake nyuzipepala inawatumiza ku London kuti azilemba za kuno. Anakwatiwa ndi Mngelezi, anabereka mwana mmodzi dzina lake Pascal, mwamunayo anamwalira, Pascal anasamukira ku Lyon, ku France, iwo anatsala. Pa nthawi imeneyo ankalemba buku limene ankati ndi lomaliza, ndipo ankati sangalilembere kwina koma patebulo lawo la m'nyumbamo, pawindo looneka mtsinje chapatali.

Kusukulu zinthu sizinkandiyendera. Chingerezi ndinkachidziwa, koma ndikayankhula anzanga ankanditsanzira katchulidwe, ndiye ndinasiya kuimika mkono. Ndinkalakalaka tsiku limodzi lokha loti kalasi yonse itembenuke kundiyang'ana popanda kuseka. Choncho aphunzitsi athu, Mayi Pearce, atatipatsa homuweki yoti aliyense akacheze ndi munthu wokalamba n'kulemba mbiri ya moyo wake, ndinadziwa kuti mwayi wanga ndi umenewo. Anzanga anali ndi agogo opuma pantchito. Ine ndinali ndi wolemba mabuku.

Madamu anavomera mosavuta. Anandiyankha mafunso onse, nandiuza kalembedwe ka mayina a mizinda. Koma nditatsika kwathu n'kuwerenga zimene ndinalemba, zinandigwetsa ulesi. Anabadwa, anagwira ntchito, analemba, anakwatiwa. Zinali ngati zimene timaloweza pokonzekera mayeso. Ndinazungulira tebulo kangapo, ndinatafuna pensulo, ndinang'amba pepala. Kenako ndinakumbukira kuti tsiku lina Madamu anapsereza mkaka pambaula chifukwa maganizo anali pa chiganizo chimene chinkawavuta. Tinatsegula mawindo, tinaseka, nkhani inathera pomwepo. Ndinayambira pamenepo, ndipo pensulo inathamanga yokha.

Ndinalemba za wolemba wotchuka amene dziko lamuiwala. Ndinati amaiwala mbaula ikuyaka pafupifupi tsiku lililonse. Ndinati amadya buledi wouma womiza m'madzi chifukwa alibe mphamvu zopitira kumsika. Ndinati anagwa m'bafa n'kugona pansi masiku awiri akuitana popanda womumva, ndipo mwana wake yekhayo sabwera, saimba foni, mwina sadziwa n'komwe ngati amayi ake ali moyo. Ndikulemba zimenezi ndinkadziwa bwinobwino kuti Pascal amaimba Lamlungu lililonse. Koma ndime imeneyo itatha, ineyo misozi inalengeza, ndipo ndinaona kuti ndalemba chinthu chenicheni.

Lachisanu Mayi Pearce anandiimika kutsogolo. Ndinawerenga mpaka kumapeto, ndipo palibe anaseka. Nditamaliza kalasi yonse inaomba m'manja. Mtsikana wina amene sankandiyankhula anandipatsa theka la chokoleti chake. Anzanga akutuluka, aphunzitsi anandiitana patebulo pawo.

"Tadala, walemba bwino kwambiri. Koma ndiuze, zonsezi n'zoona?"

"Inde," ndinatero.

"Zakugwa m'bafa zija?"

"Inde."

Anandifunsa nambala ya khomo la Madamu, ine n'kuwauza, ndikuganiza kuti mwina akufuna kuwalembera kalata yowathokoza.

Patapita sabata ndi masiku angapo, ndikukwera masitepe kuchokera kusukulu, ndinakumana ndi mayi wina wovala chitupa cha pachingwe m'khosi, fayilo ili kukhwapa, akutsika kuchokera kumtunda. Khomo la Madamu ndinalipeza lotsegula. Anali ataima pakati pa chipinda.

"A kukhonsolo," anandiuza. "Anditsegulira firiji. Andifunsa kuti lero ndi lachingati. Andiuza ndijambule wotchi papepala ngati mwana wa mkaka. Akuti wina wawauza kuti sindingathenso kudzisamala. Atenganso nambala ya Pascal."

Ndinanama kuti mutu ukundipweteka, n'kutsika kwathu.

Masiku anayi otsatira sindinakwereko. Amayi ndinawauza kuti Madamu atanganidwa ndi buku. Ndinkakhoma chitseko n'kuyamba kuzungulira m'nyumba, koma tsopano ndinkayenda chonyang'ama, nsapato nditavula, kuti asandimve. Iwo ndinkawamva. Mapazi awo ankafulumira kuposa kale, ndipo taipi sinalire ngakhale kamodzi. Foni inkalira masana, kenako mawu awo ankakwera m'Chifalansa, osati mawu owerenga aja koma a munthu amene akukana chinachake. Ndinkatseka makutu ndi pilo, kuchotsa, kumvetseranso. Chakudya chinkandikanika. Kusukulu ndinkafuna kupita kwa Mayi Pearce, ndinkafika mpaka pakhomo la chipinda cha aphunzitsi, n'kubwerera. Ndinkadziuza kuti mayi wa fayilo uja waona yekha kuti mufiriji muli chakudya, ndiye nkhani itha yokha.

Loweruka masana amayi anali pa ofu, akusita mayunifolomu. Kunamveka kugogoda. Ine ndinathawira kuchipinda, chitseko n'kusiya chotsegula pang'ono. Anali Madamu, atavala jekete yawo yakuda ngati akupita kuofesi. Anakana mpando.

"Ndifunse chinthu chimodzi, ndipo mundiyankhe mosabisa," anatero. "Inu ndinu namwino. M'nyumba yonse ino ndinu nokha mumadziwa za ine. Kodi ndinu munakandinena kukhonsolo?"

Amayi anaimika simbi. Ndinkawaona chakumbali, ndipo nkhope imeneyo ndinali ndisanaionepo, ya munthu amene amunamizira m'nyumba mwake momwe.

"Madamu, mwana wanga ndimamusiya m'manja mwanu tsiku ndi tsiku. Ndikanaona vuto ndikanabwera kwa inu."

"Pascal akubwera sabata yamawa. Wapeza kale malo kunyumba yosungira okalamba. Akuti ndinagwa m'bafa n'kumubisira. Ine sindinagwepo m'bafa."

Sindikudziwa kuti miyendo inandifikitsa bwanji pabalaza. Ndinangozindikira ndaima pakati pawo, ndikuyankhula Chingerezi chothamanga, za homuweki, za mkaka, za kuomba m'manja. Amayi anandidula m'Chichewa.

"Tayankhula bwinobwino, iwe. Wati walemba chiyani?"

Ndinabwereza pang'onopang'ono. Amayi anakhala pampando, manja ali pamutu.

"Tadala, ukudziwa chimene wachita? Kuno si ku Chilomoni kumene bodza limathera pampanda. Kuno chilichonse amalemba mufayilo. Atichawo sanalakwe, ndi lamulo kuti apange lipoti. Ineyo kuntchito ndikamva zoterezo ndimapanganso chimodzimodzi. Munthu wamkulu chonchi, wakusunga ngati mdzukulu wake!"

Ndinkayembekezera mbama, ndipo ikanandipepukira. Koma Madamu anangotambasula dzanja.

"Kanditengere pepalalo."

Anavala magalasi, natulutsa pensulo m'thumba la jekete, nawerenga ataimirira. Anawerenga kawiri. Kenako anayamba kudula mizere. Chiganizo choona ankachisiya, chabodza ankachilemba mzere kunsi. Pofika kumapeto, tsamba lachiwiri lonse linali mizere yokhayokha. Pa chiganizo cha Pascal pensulo inaima nthawi yaitali.

"Walemba bwino," anatero. "N'chifukwa chake akukhulupirira. Ukanalemba moipa bwenzi ndili pamtendere."

Ndinayamba kulira, koma sanandisisite.

"Tamvera. Ine m'mabuku anga ndapha anthu ambirimbiri. Ena ndawamiza m'nyanja, ena ndawalanda ana. Palibe ndi mmodzi yemwe amene ali ndi khomo loti munthu angakagogodepo. Koma pamene ndinkalemba za kukhoti, aliyense amene ndinkamutchula anali ndi khomo, anali ndi mayi wake amene mawa lake adzagula nyuzipepala. Iwe wasakaniza ntchito ziwirizi. Watenga dzina langa ndi khomo langa, n'kuikamo munthu wa m'mutu mwako."

Anandibwezera pepala lija.

"Kunyuzipepala, ukalakwitsa sulira. Umalemba kuti tinalakwitsa, chimene tinanena ndi ichi, choona ndi ichi, ndipo umaika pamalo pomwepo pamene unaika bodzalo. Bodza lako unaliwerenga kuti?"

"M'kalasi," ndinayankha chapansipansi.

"Ndiye m'kalasi momwemo."

Lamlungu lonse ndinalemba. Kanayi konse ndinakwera kumtunda ndi pepala, ndipo kanayi konse anandibweza. Poyamba ndinalemba kuti ndinakometsa nkhani pang'ono, iwo anafufuta. Ndinalemba kuti sindinkadziwa kuti zifika pamenepa, anafufutanso, nati zimenezo ndi za ine, si za iwo. Zimene zinatsala zinali zazifupi ndi zouma: sanagwe m'bafa, amapita okha kumsika Lachiwiri ndi Lachisanu, mkaka unapserera kamodzi, mwana wawo amaimba foni Lamlungu lililonse, ndipo aphunzitsi atandifunsa ndinanama kawiri.

Lolemba amayi anasinthana shifiti ndi mnzawo n'kundiperekeza. Anaima kumbuyo kwa kalasi, chikwama atachifumbata pachifuwa, ine ndikuwerenga. Ulendo uno kunalibe kuomba m'manja. Mnyamata wina anaimba mluzu chapansipansi. Mayi Pearce anafiira nkhope mpaka m'makutu, ndipo ndinazindikira kuti nawonso ndawachititsa manyazi, pakuti anachita zoyenera pa nkhani yabodza. Dzina lakuti wabodza linandimamatira mpaka teremu inatha. Masana a tsiku lomwelo tinapita ndi pepala lomwelo kwa mayi wa kukhonsolo uja. Anandimvetsera mpaka kumapeto, analijambula pamakina, naliika mufayilo. Patapita masiku kalata inabwera yonena kuti nkhani yatsekedwa.

Ndinaganiza kuti basi zatha. Koma Pascal anali atagula kale tikiti, ndipo anabwera. Anali bambo wamtali, waulemu, amene anandipatsa moni wa dzanja ngakhale ankadziwa kuti ndine ndani. Anawerenga pepala langa lokonza lija, nakhulupirira. Koma sabata imeneyo lifiti inali itafanso, monga inkachitira kawirikawiri, ndipo iye anaona amayi ake akukwera nsanja zinayi ndi chikwama cha kumsika, akupuma pa nsanja iliyonse. Anaonanso mmene anaondera. Zimenezi zinalipo kale, ine sindinazipeke, koma akanapanda kubwera ndi mantha amene ndinamupatsa, mwina akanaziona mochedwerapo, kapena akanaziona ndi maso ena. Za nyumba ya okalamba anazisiya. M'malo mwake anayamba kunena za chipinda cha pansi kunyumba kwake ku Lyon, ndipo sanasiye kuzinena. Awiriwo anakangana nyengo yonse yozizira. Mitengo ikuyamba kuphukira, Madamu anagonja.

Miyezi imeneyo ndinkakwerabe kumtunda. Anandilandira ngati kale, ankandisendera malalanje, koma taipi inkalira mwa apo ndi apo. Ankayenda kwambiri, kulemba pang'ono. Tsiku lolongedza, mabuku ali m'makatoni mpaka pakhomo, ndinawapeza ataima pawindo. Funso limene linandisowetsa mtendere nyengo yonseyo linangotuluka.

"Madamu, mukuchoka chifukwa cha ine?"

Anatembenuka n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi. Ndinkafuna anene kuti ayi. Munthu wamkulu aliyense amene ndinkamudziwa akananena kuti ayi.

"Mbali ina, inde," anatero. "Osati zonse. Miyendo yanga ili ndi mbali yake, Pascal ali ndi yake, lifiti ija ili ndi yake. Yako ndi yaing'ono kuposa mmene ukuganizira, koma ilipo."

Kenako anandipatsa katoni kuti ndimate.

Anandilembera makalata awiri ali ku Lyon, ine ndinayankha imodzi. Ndili ku sekondale Pascal anatitumizira uthenga wa maliro. Buku lija silinathe. Kaya likanatha zikanakhala kuti anakhalabe patebulo lawo ku Woolwich, sindikudziwa, ndipo ndinasiya kudzinamiza kuti ndikudziwa.

Lero ndimagwira ntchito muofesi ya maloya ku Peckham, mu London momwemuno. Ndimakhala ndi anthu opempha chilolezo chokhala m'dziko muno, ena ochokera kwathu, ena ku Zambia, ena kutali kwina, n'kumalemba mbiri zawo kuti zikawerengedwe ndi anthu amene sadzawaona nkhope. Nthawi zambiri mbiri yoona imaoneka yopyapyala papepala, ndipo dzanja langa limadziwabe pamene lingawonjezere chiganizo chimodzi kuti owerenga agwidwe chisoni. Ena amachita kundipempha okha: "Asisi, tangokometsaniko pang'ono." Ndimakana, ndipo si onse amene amandimvetsa.

Kwa zaka zambiri ndinkaganiza kuti chimene ndinaphunzira chaka chija n'chakuti bodza ndi loipa. Zimenezo ndinkazidziwa kale kuchokera ku Sande sukulu. Chimene ndazindikira ndili wamkulu n'china. Misozi imene ndinalengeza polemba ndime ija sinali yolirira Madamu. Ndinkadzilirira ndekha, mwana wokhomeredwa m'fulati amene palibe ankamumva, ndipo ndinabwereka nkhope ya munthu wamoyo kuti anthu andiombere m'manja. Madamu sanabweze moteromo. Pamene kukanakhala kosavuta kunditonthoza ndi bodza laling'ono, anandiyesa munthu wokwanira kumva zoona, nandipatsa mbali yanga ya mlandu, osachulukitsa, osachepetsa. Ndikamaliza kulemba mbiri ya munthu, ndimamuwerengera mokweza chiganizo ndi chiganizo, m'chinenero chake ngati ndingathe, n'kumufunsa kuti, "Ndi mmene zinakhalira?" Akapukusa mutu kukana, ngakhale chiganizocho chikhale chokoma bwanji, ndimafufuta.